Kalata Yomata ya a Bonongwe

Lamulungu lapitali, potsiriza mapemphero kutchalitchi kwathu kwa Amalawi ku Bowie, kuno ku Maryland, mlembi analengeza kuti patha chaka chimwalirireni a Yotamu Bonongwe, ndipo analakwitsa tsiku. Anati anatisiya Lachinayi, chonsecho linali Lachitatu. Palibe anamukonza. Ine ndinangoti chamumtima, uli ndi mwayi iwe, eni ake akadakhalapo ukadabwereza chilengezo chonsecho kuyambira pamoni. Kenaka anthu anayamba kuimirira mmodzimmodzi kunena kuti malemuwo anali munthu wofatsa, wosavuta, bambo wa tonse. Wofatsa? A Bonongwe? Abale, tiziopako Mulungu. Mkulu uja anali wovuta, ndipo ine amene ndikulemba panone kuvuta kwawoko ndinakulawa kuposa ambiri. Ndinkawakonda, ndipo mpaka lero ndikawakumbuka mtima umandipsa, koma wokamutulira mkwiyowo palibe.

Kumbali tinkawatcha a Konfidensho. Anali ndi chidindo chakalekale chomwe anabwera nacho kuchokera kumudzi ambirife tisanabadwe, chokhala ndi liwu limodzi lachizungu lija lotanthauza chinsinsi. Akamulembera munthu kalata ya umboni, kaya wofuna sukulu, kaya ntchito, ankaiika mu envelopu yakhaki, kumata, kusaina modutsa pomatapo, kuphimba sainiyo ndi selotepi, kenaka kudinda. Ankakupatsira ndi manja awiri, n'kukuuza kuti zili m'katimo ndi za iwo ndi wokalandirayo, iwe ndiwe wamtengatenga chabe. Ankati umboni umene mwini wake wawerenga si umboninso, chifukwa wolembayo amakhala akulemba uku akuyang'ana nkhope yako.

Ankakhala ku Columbia Heights, pansanjika yachitatu ya nyumba yakale yopanda chikepe. Amalawi onse amene anayamba nawo kumeneko anasamukira ku Maryland kalekale, koma iwo ankati malo oti munthu akafuna mchere ayambe waliza galimoto si mudzi. Akazi awo atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamanda, amene amagwira ntchito m'maofesi a khoti ku Upper Marlboro, anawakonzera chipinda kwake. Anagonako masiku awiri n'kubwerera pa basi, ati kuli zii, munthu sungadziwe ngati ukadali moyo. Awiriwo sankatha mphindi khumi osakangana, bambo m'Chichewa, mwana m'Chizungu, wogonja palibe. Pokataya zinyalala ankavala jekete. Ukawapeza pa siteji n'kuima kuti uwatenge, ankayamba afunsa ngati sakukupatutsa, ukati ayi n'kukuuza kuti ukunama poti kwanu ndi mbali inayo, akatero ndiye n'kukwera.

Chomwe ankadana nacho kwambiri chinali gulu lathu la pafoni. Ankati nkhani ikadziwika ndi anthu atatu ndiye kuti yalowa mumsika, nanga ikafika kwa mudzi wonse nthawi imodzi? Anatulukamo kangapo, anthu n'kumawabwezeramo. Tsiku lina mayi wina anaikapo uthenga wa maliro ana a malemuyo asanauzidwe. A Bonongwe anamuimbira, n'kumulankhula mpaka mayiyo anajomba kutchalitchi miyezi iwiri. Ndiye taonani zomwe tinawachitira ife. M'mawa wa Lachitatu lija atamwalira kuchipatala, chithunzi chawo chinali kale pagulupo, ndi timakandulo ndi timanja topemphera, Tamanda asanaimbire azakhali ake ku Ntcheu. Azakhaliwo anamvera kwa aneba. Ine ndinachiona chithunzicho ndili kuntchito, ndipo chisoni chisanandigwire ndinayamba ndakwiya.

Kukana ankakana, osayang'ana nkhope. Mkulu wina wa mpingo, sindimutchula, anapita kukawapempha kalata ya mwana wake amene ankafuna malo kuyunivesite. A Bonongwe anati mwanayo amamudziwa nkhope ndi moni wake, koma ntchito yake sanaionepo, ndiye alemba chiyani? Bambo uja anati angolemba kuti ndi mwana wabwino wa m'banja lopemphera, Amalawi kunja kuno tiyenera kunyamulana. Iwo anati kuti amapereka moni bwino akhoza kulemba ndi kusaina, ngati yunivesiteyo ikusowa opereka moni. Mabanja awiriwo sanalankhulanenso mpaka pamaliro. Ambiri tinkati apo a Bonongwe anaonjeza, ndipo ine ndinali mmodzi wa onena choncho.

Kuntchito kwawo anali munthu wamkulu zedi, ngakhale kutchalitchi ambiri sankadziwa. Moyo wawo wonse anafufuza za kasungidwe ka mbewu, za anankafumbwe ndi chuku m'nkhokwe, ndipo anayenda maiko ambiri kulangiza maboma. Ukawafunsa ankangoti anali mlangizi. Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira za poizoni amene chuku chimasiya mu mtedza, ndipo pa zolemba zoyamba zomwe aphunzitsi anga anandiuza kuti ndiwerenge panali dzina lawo. Nditazindikira kuti ndi mkulu yemwe uja wokonza zilengezo, ndinachita mantha. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ndalemba ndinkawapititsira, ndipo ankachibweza chitada ndi pensulo. Zaka zonsezo sanandiuzepo kuti ndachita bwino. Liwu lawo lalikulu linali lakuti sizoipa, ndipo ndinalimva kawiri kokha. Ankati munthu ukamuyamikira pamaso amayamba kugwirira ntchito makutu ake.

Dzina langa ndine Eneless Mbewe. Ndi lomwe lili papasipoti, pa madigiri ndi pa zonse zomwe ndinasindikiza. Koma tsiku lomwe ndinakwatiwa ndi a Chirwa, kwa a Bonongwe ndinasanduka Mayi Chirwa, basi. Ndinawauzapo kuti dzina sindinasinthe. Anati zimenezo ndi za ine ndi boma, iwo sangamatchule mkazi wa mwini dzina la paubwana ngati akuitana mwana wasukulu. Ndinangoseka, nanga ndikanadziwa bwanji kuti ulemu umenewu udzandigwetsa m'mavuto.

Nkhani ya kalata inabwera chilolezo changa chogwirira ntchito chitatsala pang'ono kutha. Pali njira ina yopemphera mapepala okhalira kuno yomwe munthu umadziimira wekha, popanda kampani yokuimira, n'kuwasonyeza a imigireshoni kuti ntchito yako ndi yothandiza dziko lino. Ine ndinakonza pempho lonselo ndekha, wopanda loya, pa tebulo lodyera. Likanakanika, nthawi yoyambiranso panalibe, ndiye kuti ine, a Chirwa ndi mwana wathu tikanamanga katundu. Pempho lotere limaima pa makalata a akatswiri okuchitira umboni. Ndinali nawo anayi, koma onse anali a aphunzitsi anga ndi a anzanga akuntchito, anthu oti aliyense akhoza kunena kuti akungokondera mnzawo. Ndinkasowa ya munthu wa dzina yemwe sanandiphunzitsepo m'kalasi kapena kundilemba ntchito, ndipo munthu ameneyo ankakhala mizere iwiri kumbuyo kwanga Lamulungu lililonse.

Kuno zimayenda chonchi. Wokulembera amakutumizira kalatayo kuti uione, ndipo ena amakuuza kuti uyambe walemba wekha, iwo adzangokonza n'kusaina. Iwenso polemba kalata yako yofotokoza pempho lonse umatenga mawu a m'makalata aja n'kumalozera, kuti onani umboni wakutiwakuti, tsamba lakuti. Ndiye ndinakwera masitepe awo aja nditanyamula masamba awiri omwe ndinakonzeratu, ati ndiwapeputsire ntchito. Anawerenga mzere woyamba n'kundibwezera atagwira pakona ndi zala ziwiri. Anandifunsa ngati kwathu ku Dedza mkwatibwi amadziimbira yekha nthungululu. Anati kulemba alemba, koma mawu akhala awo, ndibwere pakatha milungu iwiri.

Nditabwera, inali pa tebulo ikundidikira, yakhaki, yomata, saini pomatapo, selotepi, chidindo. Ndinayamba mwaulemu. Ndinati bambo, a imigireshoni safuna zomata, phukusi likafika amatsegula zonse n'kujambula tsamba lililonse pa makina, chinsinsi chimenechi chikathera m'manja mwa wotsegula makalata. Iwo anati wotsegula makalatayo ndi boma, ndipo boma ndi limene alilembera. Ndinati ndiyenera kuiona kuti nditengemo mawu. Anati nditenge m'makalata anayi ajawo, poti ndinawalemba ndekha ndikudziwa pamene pali mawu okoma. Kenaka anandikumbutsa kuti pamene iwo ankapempha mapepala awo, adokotala anawapatsa envelopu yomata n'kuwaletsa kutsegula, ndipo boma linailandira. Ndinati imeneyo ndi ya adokotala yokha. Anati ndiye kuti boma limadziwa kusiyanitsa umboni ndi nyimbo.

Ndinapempha kope, anakana. Ndinapempha kuti andiwerengere chiganizo chimodzi chokha, anakana. Ndinafunsa ngati aikamo mbiri ya ntchito yawo kuti wowerenga adziwe amene walemba. Anati zonse zofunika zili m'katimo, n'kundifunsa ngati ndimwa tiyi. Ndinatsika masitepe aja ndikuyankhula ndekha ngati wamisala.

Envelopu ija inakhala pamwamba pa firiji sabata yathunthu. Ndinkati ndikalowa kukhitchini, maso pomwepo. Ndinaiunika pazenera, koma khaki salola. Ndinafunsa pa intaneti kwa anthu amene anadzikonzera okha mapempho otere. Ena ankati tumizani chomata n'kulemba kakalata kofotokoza, ena ankati musayerekeze kutumiza chinthu chomwe simunachione, liwu limodzi lolakwika limagwetsa pempho lonse. A Chirwa ankati titumize momwemo, munthu wamkulu ngati uja sangatiponye m'dzenje. Ndinaimbira Tamanda kuti andinenerereko. Anaseka, n'kundiuza m'Chizungu chake kuti ngakhale makalata a iye mwini a kusukulu sanawaonepo, koma ayesa. Anayesadi, bambo ake n'kumudulira foni. Mnzanga Mayi Zulu, namwino wa ku Zambia amene timaimba naye kwaya, ndiye sanazungulire.

"Segula chabe, iwe. Bakakubweza kwanu, ba Bonongwe bazasala kuno na mapepa yao."

Sindikumuloza chala Mayi Zulu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo wa m'mimba ndinali ine. Loweruka masana ndinatenga phukusi lonse, lokhuthala ngati Baibulo la paguwa, kupita nalo kupositi. Ndinali nditatsimikiza zotumiza chomata. Ndinaimika galimoto, kuzimitsa, n'kukhala. Ndinaganiza za mwana wanga amene anali atangoyamba sukulu, ndinaganiza za zaka zonse zomwe ndathera m'labu, zonsezo n'kuziika pa pepala lomwe sindikudziwa kuti likunena chiyani. Ndinasolola kiyi wa galimoto n'kulowetsa pakona pa envelopu ija. Selotepi inakana, ndinakakamiza, ndipo inang'ambika modutsa pasaini pawo penipeni, moti zobisa panalibenso.

Anali masamba atatu otayipa. Ndinawerenga tsamba loyamba. Munthu amene kwa zaka zonsezo sanandiuzepo choposa sizoipa anali atalemba kuti njira yanga yoyezera mtedza anaifunafuna iye mwini zaka zambiri osaipeza. Anafotokoza zomwe ndinapeza momveka kuposa momwe ine ndikanafotokozera, ndipo anakumbuka zinthu zomwe ine ndinaiwala kuti ndinachita. Koma ndili pakati, maso anga anaima pa dzina. Mayi Chirwa, Mayi Chirwa, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Eneless Mbewe sanatchulidwe ngakhale kamodzi. Ndinathamangira kumapeto kukaona saini. Panali dzina lawo, ndipo pansi pake anangolemba kuti wopuma pantchito. Za madigiri awo, za mabuku awo, za maiko amene anawalangiza, zii. Wogwira ntchito ku imigireshoni akanaona kalata ya nkhalamba ina yosadziwika ikuyamikira mayi wina amene dzina lake silili pa fomu.

Ndinamenya chiwongolero. Ndinadziuza kuti waona, ukanatumiza chomata ukanadzikumbira wekha manda. Ndinakondwa kuti ndatsegula, ndisaname. Ndili m'kukondwa komweko ndi pamene ndinabwerera kuti ndiwerenge ndime yomaliza, yomwe ndinaidumpha pothamangira saini. Ndiimasulira momwe ndikuikumbukira.

"Pomaliza, za khalidwe. Pa ntchito yoyeza poizoni m'chakudya cha anthu, munthu akhoza kusintha nambala popanda womuona. Mayi Chirwa ndawayang'anitsitsa zaka zambiri. Ndi munthu woti mukamupatsa chinthu chomata kuti akapereke, chimakafika chomata. Pa mawu amenewa ndaikapo dzina langa."

Ndinakhala m'galimotomo mpaka positi anatseka. Envelopu yong'ambika ili pamwendo, kiyi ali m'manja. Manyazi omwe ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo, ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti panalibe wondiona.

Masiku awiri otsatira ndinayesa njira zamseri. Ndinaganiza zophatikiza setifiketi ya ukwati kuti ifotokoze za dzinalo, ndi kusindikiza ndekha mbiri yawo kuchokera pa intaneti. Koma kalata yomwe inayenera kunyamula pempho lonse ikanapita yodzaza zigamba, ndipo ine ndinalibe mpata wachiwiri. Ndinawaimbira foni, kucheza za nyengo, za mwendo wawo, kenaka ngati zongodutsa ndinafunsa kuti kodi m'kalata muja munalemba dzina liti. Anati dzina lanu. Kenaka n'kufunsa kuti ndafunsiranji. Ndinati palibe, ndimangoganiza. Anati chabwino, moni kwa a Chirwa.

Lachiwiri masana ndinapempha kuchoka kuntchito n'kupita. Ndinaika envelopu ija pa tebulo pawo, kong'ambika kuli pamwamba. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiuza kuti ndikhale pansi, n'kufunsa ngati ndawerenga yonse. Ndinati eya. Pamenepo ine, m'malo mopepesa, ndinamasula zonse zomwe ndinabwera nditakonza. Ndinati kalatayo ikanandimiza. Ndinati chinthu choti chikonzedwe mphindi zisanu chatidyera milungu itatu chifukwa cha chidindo. Ndinati kuno si ku Zomba kwa kale kumene aliyense wolandira kalata ankadziwa kuti Bonongwe ndi ndani. Ndinati iwo mapepala ali nawo, Tamanda anabadwira konkuno, ine ndi mwana wanga ndi amene tikwere ndege. Sindinayambe ndalankhulapo choncho ndi munthu wamkulu, ndipo amayi anga akanandimva akanandiwaza mbama.

Anamvetsera mpaka ndinatha. Kenaka anavula magalasi.

"Pa dzina mwanena zoona, ndinalakwitsa. Ndikonza. Za ntchito yanga ndiikamo, ngati boma likufuna kudziwa. Koma ndime yomaliza ija sindingaisainenso."

Ndinati bambo, mwavomera nokha kuti munalakwitsa, ndiye kuti ndinakhoza kutsegula.

"Mwina munakhoza. Koma ndimeyo ikunena kuti simutsegula."

Anatenga masamba atatu aja, kuwapinda, n'kuika m'thumba la m'kati la jekete.

Kalata yachiwiri anandipatsa Lachinayi lomwelo, atakwera sitima ndi basi kufika nayo kuntchito kwanga. Inali mu envelopu yoyera wamba, yosamata, pakamwa pake pali yasa. Panalibe saini pamwamba, panalibe chidindo. Anati ndiwerenge pomwepo iwo ali chiimire, ndione ngati pali china chofunika kusintha. Dzina linali lolondola paliponse. Kumbuyo anaphatikiza masamba anayi a mbiri ya ntchito yawo, zinthu zomwe ngakhale Tamanda sankazidziwa. Zonse zoyamikira zija zinalimo, liwu ndi liwu, kupatula ndime imodzi. Ndinati zili bwino, zikomo kwambiri bambo. Anayankha kuti, "Zikomo, Dokotala Mbewe," n'kutembenuka kukadikira basi.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo sananditchulenso Mayi Chirwa. Dzina lomwe ndinalimenyera nkhondo anandipatsa, ndipo nthawi iliyonse akalitchula linkandilasa. Kutchalitchi anthu ankati taonani a Konfidensho ayamba kulemekeza maphunziro a amayi. Ine ndekha ndinkadziwa kuti andichotsa m'nyumba n'kundiika paofesi.

Pempho linavomerezedwa. Ndikukhulupirira kuti kalata yawo ndi imene inalinyamula, ndipo ndikudziwanso kuti ndime yomwe anachotsayo a imigireshoni sakanaisamala n'komwe, iwo amafuna za ntchito, osati za khalidwe. Ndinawaimbira kuwauza. Anakondwa ndithu, ndinamva m'mawu awo, ndipo anati apemphera pothokoza. Zolemba zanga anapitiriza kuziwerenga ndi pensulo yomwe ija. Mwana wanga akadwala ankaimba kufunsa. Munthu wakunja sakanaona kuti pali chomwe chasintha.

Ndinayesa kukonza mwachikhalidwe. Ndinatuma a Chirwa kuti akandipepesere, poti nkhani yotere mwana sapita yekha kwa kholo. Anawalandira bwino, kuwathirira tiyi, kucheza nawo za mpira. A Chirwa atayamba nkhaniyo, iwo anati mlandu palibe, ndipo popanda mlandu kupepesa n'kwa chiyani? Anati Dokotala Mbewe anachita zomwe munthu aliyense wopanikizika akanachita, ndipo iwo sakuwasungira kanthu. Anangoti chinthu chomwe ankachidziwa chinapezeka kuti sichinali choncho, ndiye anasiya kuchinena. A Chirwa anabwerako atatambasula manja, ati mkulu uja ulibe pomugwira. Mwaona kuvuta kwake? Akanakwiya ndikanapepesa, akanandinyanyala ndikanawanyengerera. Koma munthu wokuuza mwaulemu kuti wangokonza cholakwika m'buku lake umutani?

Ndakhala ndikukangana nawo m'mutu zaka zonsezi, ndipo nthawi zambiri ndimapambana. Akanangondionetsa pachiyambi, bwenzi titakonza dzina, ndime ija ikadalipo, ndipo palibe akanang'amba kanthu. Anandiika pamalo oti ndisankhe pakati pa kumvera iwo ndi kuteteza banja langa, n'kulemba m'kati mwa msamphawo kuti ameneyu sakodwa. Kodi chimenecho ndi chilungamo? Ndikanatumiza chomata, mwina bwenzi ndikulemba izi ndili ku Dedza, ndili munthu wokhulupirika kwambiri wopanda labu. Ndikabwerera pa positi paja ndikhoza kutsegulanso. Koma ndikatha kupambana konseko, ndimakumbuka kuti pa anthu onse amene anandilembera zabwino, mmodzi yekha ndi amene analemba akudziwa kuti sindidzamva, ndipo palibe chomwe akanapindula. Masiku ano ana a kuyunivesite amanditumizira makalata olembalemba kale kuti ndingosaina. Ndimakonza apa ndi apo, n'kusaina.

Patatha milungu itatu chiikireni maliro, mwini nyumba ankafuna malo ake, ndipo Tamanda anandipempha kuti ndikamuthandize kusankha mabuku oti apite kuyunivesite. Ndinafika cha m'ma teni. Mipando inali itapita kale. Pafupi ndi chitseko panali matumba anayi akuda a pulasitiki, odzaza, opepuka, ndipo pakona panali makina odula mapepala omwe Tamanda anabwereka. Anandiuza kuti m'kabati ya kuchipinda anapezamo kope la kalata iliyonse ya umboni yomwe bambo ake analembapo chibwerereni kuno, iliyonse mu envelopu yakeyake yomata, dzina la mwini wake pamwamba. Pa chitseko cha kabatiyo anamatapo kapepala kolamula kuti iwo akadzapita, zonsezo zidzawonongedwe osatsegula. Anali atagwira ntchitoyo masiku awiri, kulowetsa m'makinamo envelopu imodziimodzi.

Ndinafunsa ngati yanga inalipo. Anati zinalipo ziwiri, ina ya Dokotala Mbewe, ina ya Mayi Chirwa, ndipo anadabwa kuti bwanji munthu mmodzi ali ndi maina awiri. Ndinafunsa ngati anasuzumiramo, ngakhale imodzi yokha mwa zonsezo, ngakhale yake yomwe. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo, mwana amene anatsutsana ndi bambo ake pa chilichonse kuyambira tsitsi mpaka tchalitchi, n'kuyankha m'Chizungu kuti adadi anati osatsegula.

Anatsika kukasuntha galimoto, ine n'kutsala ndekha. Pamene panali tebulo lawo panatsala timaenje tinayi pa kapeti, ndipo kutsogolo kwake kapetiyo inali itaperepeseka pomwe ankapondetsa mapazi. Pakhoma panali malo oyera pomwe panali kalendala, ndi msomali. Makatani anali atachotsedwa, dzuwa likulowa mpaka kukhitchini, ndipo pansi pamsewu mabasi ankaima ndi kunyamuka monga mwa masiku onse. M'nyumbamo munalibe pokhala, munalibenso pepala ngakhale limodzi loti munthu n'kuwerenga. Ndinanyamula matumba awiri n'kuyamba kutsika nawo, osadziwa kuti Mayi Chirwa ali m'thumba liti.